Ulendo wa pa Mthuthuthu Kuchokera ku Dedza Kutsikira ku Mua

Masiku ano palibe mudzi umene sumva kulira kwa mthuthuthu. Njinga yamoto ndiyo itengera matumba a mbatata ku msika, ndiyo ithamangira ku chipatala ndi mayi wodwala usiku, ndiponso ndiyo itifikitsa ife alangizi ku minda yanu. Ambiri a inu munaigula ndi ndalama za fodya, za soya kapena za mtedza, zimene munazikhetsera thukuta chaka chathunthu. Koma dandaulo limene ndilimva kawirikawiri m'midzi ndi lakuti batire lafa, ndipo mwini wake wagula kale awiri chaka chisanathe.

Tsono sabata ino tiyeni tiyende pamodzi ulendo wa tsiku limodzi, kuchokera ku Dedza, kutsika mseu wa Khwekhwerere, kufika ku Golomoti ndi ku Mua. Ndasankha mseu umenewu chifukwa pa maora owerengeka munthu apyola m'chisanu, m'mapiri, m'madzi ndi m'dzuwa lotentha, ndipo chilichonse mwa zinayi izi chili ndi nthenda yake imene chipatsa magetsi a njinga.

Tisanakwere, gwirani mau awa: batire ndi nkhokwe. Nkhokwe siibala chimanga, ingosunga chimene munda wabala. Munda wa njinga ndiwo maginito ndi makoyilo amene ali m'kati mwa injini. Injini ikamalira, iwo apanga magetsi. Magetsiwo apita ku kabokosi kachitsulo kotchedwa rekitifaya, kamene kawakonza ndi kuwachepetsa kuti asapitirire muyeso, kenaka alowa m'batire. Mlimi wanzeru akapeza nkhokwe ilibe kanthu sathamangira kuluka ina. Ayamba wafunsa ngati munda unabala, ngati zokolola zinafika kunyumba, ndi ngati mulibe makoswe. Chomwechonso ndi batire.

KU DEDZA M'MAMAWA

Boma la Dedza lili pamwamba ndithu, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dedza limene laima kumbuyo kwake lifika mamita 2,198. M'miyezi ya Juni ndi Julayi munthu adzuka nkhungu itakuta mitengo ya paini, mame ali mbuu pa udzu, manja osafuna kutuluka m'thumba. Nthawi imeneyi ndiyo njinga zambiri zikana kulira.

Chisanu chichita zinthu ziwiri. Chifooketsa mphamvu ya batire, ndiponso chilimbitsa oilo wa mu injini kotero kuti sitata isowa mphamvu yoposa masiku onse. Batire labwino lipirira zimenezi, koma limene linayamba kale kufooka lionekera poyera m'mawa wozizira.

Musanaitane makaniko, yatsani kiyi ndi kuliza hutala. Pali mayankho atatu. Ngati palibe chilichonse choyaka, ndipo hutala ali chete, kawirikawiri mlandu uli pa fyuzi kapena pa mitu ya batire imene yamasuka. Ngati hutala alira mofooka ngati mwanapiye, ndipo mukadina sitata mungomva ke-ke-ke, ndiye kuti moto wachepa m'batire. Koma ngati sitata izungulitsa injini mwamphamvu, injiniyo osagwira, lisiyeni batire, lilibe mlandu. Yang'anani petulo, pulagi, ndi kabatani kofiira kozimitsira injini kamene kali pa chogwirira cha kumanja pa njinga zambiri. Ana akonda kukadina posewera, ndipo bambo avutika ora lathunthu chifukwa cha kanthu kakang'ono kotere.

M'mawa wozizira kokani tchoko, ndipo lizani njinga ndi kiki kuti musunge moto. Mukafuna sitata, musaidine kupitirira masekondi 5. Pumani pang'ono ndi kuyesanso. Kuidina nthawi yaitali kutha batire ndi kutentha sitata yomwe.

Amakaniko ambiri pa Boma ali ndi kamita koyezera magetsi. Pemphani kuti ayeze inu mukuona. Batire la mavoti 12 lili ndi zipinda 6 m'kati mwake. Likadzala bwino, njinga itagona usiku wonse, mita ionetsa 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Ikaonetsa 12.0, moto watsala wochepa kwambiri. Podina sitata nambala itsika, koma ikatsika kupitirira 9.5 pa batire limene langotchajidwa kumene, ndiye kuti lakalamba.

PA BEMBEKE NDI PA MASASA

Tituluke tsono pa mseu waukulu wa M1 kulowera kumwera. Kudzanja lamanja ndi dziko la Mozambique, pakuti kuno mseu uyenda m'mphepete mwa malire. Posachedwa tifika pa mphambano ya Bembeke, pamene amayi aunjika mbatata ya kachewere, kabichi, anyezi ndi tomato m'mbali mwa mseu. Dziko lino ndi lozizira, ndipo mbewu za m'dimba zikondwa nalo. Taonani anyamata a kabaza amene afola pamenepo ndi njinga zao, akudikira wokwera.

Pano ndi pamene tikambe za makoswe a m'nkhokwe. Batire la njinga zazing'ono zimene zadzala m'midzi yathu ndi laling'ono ndithu. Pambali pake palembedwa 5Ah kapena 7Ah, pamene la galimoto lifika 45Ah kapena kuposa. Koma pa kabatire kotere ena amangirira wailesi yokhala ndi zokuzira mau, magetsi amitundumitundu okongoletsa, ndi chotchajira mafoni. Maginito a njinga anapangidwa kuti adyetse nyali, hutala ndi batire basi. Mukaonjeza pakamwa pambiri, chakudya sichikwana. Choipa kopambana ndi kulumikiza zinthu zimenezi pa batire penipeni osadzera ku kiyi, pakuti zipitiriza kudya moto usiku wonse njinga ili m'nyumba.

Khoswe wachiwiri ndi maulendo aafupiafupi. Nthawi zonse mukadina sitata mutapa moto wambiri, ndipo kuti ubwerere pafunika kuyenda kanthawi ndithu. Munthu amene aliza njinga ndi sitata kakhumi pa tsiku, nayenda kuchokera pa msika kufika pa chigayo pokha, atapa koposa chimene abweza.

Khoswe wachitatu ali m'nyumba mwathu momwe. Ena achotsa batire madzulo kuti aunikire m'nyumba kapena amvere wailesi, nalibwezera m'mawa litatheratu. Batire la njinga silinapangidwire ntchito yotere. Likatheratu moto kawirikawiri, kapena likakhala masabata ambiri lopanda moto, pa timapale ta mtovu ta m'kati mwake pamera zoyera zolimba ngati mchere, ndipo zikalimba sizichokanso. Kuyambira pamenepo batire lidzala msanga ndi kutha msanga, monga nkhokwe imene theka lake ladzala ndi dothi la chiswe. Pa zounikira m'nyumba, kasola kakang'ono kokhala ndi batire lakelake ndiko koyenera.

Ngati njinga idzaima nthawi yaitali, monga m'dzinja mseu ukadzaipa, masulani waya wa ku mutu wa chizindikiro cha (–), ndipo litchajeni batire kamodzi pa mwezi. Potchajitsa, uzani mwini malo kuti ndi la njinga, alipatse moto wochepa kwa maora ambiri. Muyeso wabwino ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala yolembedwa pambali: la 7Ah lifuna moto wosapitirira 0.7A. Makina otchajira mabatire a galimoto alitenthetsa ndi kulifupikitsa moyo.

KUTSIKA KHWEKHWERERE

Pa Masasa tisiya M1 ndi kukhotera kum'mawa. Pano imani kaye, abale, pakuti kutsogoloku ndi kutsika mamita pafupifupi 1,000 pa mseu wokhotakhota ngati njoka. Kukakhala kopanda nkhungu muona chigwa chonse chili tantha pansi panu, minda ndi midzi ikuoneka ngati timiyala, ndipo patali nyanja ya Malawi ili waliwali. Ndi malo okongola zedi, koma si malo oti nyali ikuzimireni usiku.

Tsegulani chivundikiro cha pambali ndi kugwedeza mawaya awiri a pa batire ndi chala. Asagwedezeke ngakhale pang'ono. Miseu yafumbi ya kumidzi, ndi mabampu ake, imasula timabauti timeneti pang'onopang'ono, ndipo njinga iyamba kuchita ngati yogwidwa ndi mizimu: lero ilira, mawa ikana, nyali iphethira pa bampu iliyonse. Anthu ambiri ataya batire labwino chifukwa cha kabauti kamodzi. Onaninso lamba amene amanga batire, pakuti likamagunda m'bokosi mwake timapale ta m'kati tithyoka.

Mukaona zoyera kapena zobiriwira ngati nkhungu pa mitu ya batire, zichotseni, chifukwa zitsekereza moto. Zimitsani kiyi. Yambani kumasula waya wa (–), umene ukhala wakuda kapena wobiriwira, kenaka wofiira wa (+). Tsukani mituyo ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, koma madziwo asalowe m'kati mwa batire. Palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale. Pobwezera yambani wofiira, ndipo wa (–) ukhale womaliza. Mukatero sipanala ikakhudza chitsulo cha njinga siithetheka moto. Pomaliza pakani girizi pang'ono pamwamba. Londolaninso waya wa (–) kufika pamene wamangidwa ku chitsulo cha njinga, pakuti dzimbiri la pamenepo lizunza anthu ambiri osalidziwa.

Pafupi ndi batire, pa waya wofiira, pali kachibotolo kakang'ono kosunga fyuzi. Fyuzi ndi mlonda: mawaya akagundana, iye afa kuti njinga ipulumuke. Akapsa, ikani wina wa nambala yomweyo, kaya ndi 10A kaya 15A, monga palembedwera. Akapsanso nthawi yomweyo, pali waya wosupuka amene ali kukhudza chitsulo. Mufuneni pakhosi pa njinga, pamene mtolo wa mawaya upindika mukamakhota, ndi pansi pa thanki ndi pa chishalo. Mukampeza mkulungeni ndi tepi yamagetsi. Musaike waya wamba kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu m'malo mwa fyuzi. Kutero ndi kuchotsa mlonda pakhomo. Mawaya onse angapse, ndipo ali pansi pa thanki ya petulo.

Chinthu china ndikupemphani ndi mtima wonse. Alipo amene azimitsa injini potsika phirili kuti asunge petulo. Petulo amene apulumutsa sakwana ndi kapu yomwe. Koma injini ikazima, batire silitchajidwa, pa njinga zambiri nyali ya kutsogolo izima, ndipo katundu yense atsamira pa mabuleki okha, amene atentha ndi kuleka kugwira. Tsikani injini ikulira, pa giya yachiwiri kapena yachitatu, chisoti chili kumutu, ndipo wokwera kumbuyo akhalenso ndi chake.

PA MITSINJE YA M'TSINDE MWA PHIRI

Tikafika pansi mpweya usintha. Paini watsala kumwamba, tsopano tiona milambe, ndipo jekete liyamba kulemera. Mitsinje yochokera m'mapiri aja, monga Livulezi, idutsa m'chigwa muno kupita ku nyanja. M'chilimwe timitsinje tambiri tikhala mchenga wokhawokha, koma m'dzinja tidzala mwadzidzidzi, ndipo amene apatuka pa tala kulowa ku midzi aoloka madzi kangapo pa tsiku.

Njinga ikazima mutangooloka, musafulumire kunena batire. Kawirikawiri madzi alowa m'kachipewa ka pulagi. Kazuleni, kapukuteni ndi nsalu youma, ndipo dikirani pang'ono kuti kutentha kwa injini kuumitse potsala. Ikakanabe, masulani pulagi, muibwezere m'kachipewa kake, ndi kugoneka chitsulo chake pa injini, kutali ndi petulo. Gwirani pa mphira pokha, mnzanu aponde kiki. Mukaona kamoto kobiriwira ngati mphezi kakudumpha kunsonga, magetsi ali bwino, ndipo vuto lili ku mafuta. Kamoto kakapanda kuoneka, yesani pulagi ina. Ikakananso yatsopanoyo, nkhani yafika pa koyilo kapena pa kabokosi ka CDI, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko. Mpata wa kunsonga kwa pulagi pa njinga zambiri zazing'ono ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7.

Koma ngati madzi anafika pokwera mpaka kulowa mopumira injini, musailize konse kufikira makaniko ataitsanula, pakuti madzi akalowa mu injini athyola zitsulo za m'kati.

PA GOLOMOTI DZUWA LILI PAMUTU

Golomoti ndi mphambano yaikulu. Pano padutsa mseu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Balaka, padutsa njanji, ndiponso pali mseu wopita ku Monkey Bay. Kufupi ndi pano pali munda wa magalasi a sola umene unayamba ntchito m'chaka cha 2022, wopanga magetsi okwana mamegawati 20. Pambali pa magalasiwo anaikapo mabatire akuluakulu osunga magetsi. Taonani, ngakhale akatswiri a ntchito yaikulu chotere atsata nzeru yomwe ija: magalasi ndiwo munda, mabatire ndiwo nkhokwe.

M'mwezi wa Okutobala kuno kutentha koopsa, ndipo kutentha ndiko kupha mabatire ambiri koposa chisanu. Chisanu chingoulula nthenda, koma dzuwa ndilo liibweretsa. Madzi a m'batire auma msanga, ndipo timapale tikakhala pamtunda tionongeka. Ngati batire lanu ndi la tizitsekero 6 pamwamba, yang'anani madzi ake masabata awiri alionse. Pambali pali mizere iwiri, ndipo madzi akhale pakati pake m'zipinda zonse. Akachepa thirani madzi a batire ogula m'botolo, amene ndi madzi osungunulidwa opanda mchere. Madzi a pa mjigo kapena a pa chitsime ali ndi mchere umene uononga timapale. Musaonjezere asidi, pakuti chimene chiuma ndi madzi okha, asidi atsala momwemo. Mabatire omata, amene alibe tizitsekero, satsegulidwa konse.

Madzi akamauma masiku owerengeka okha, batire likamatentha kapena kutupa m'mbali, mababu akamapsa kawirikawiri, ganizirani rekitifaya. Yafooka ndipo ili kulowetsa moto wopitirira muyeso. Apa kamita kaja kathandizanso. Injini ikulira mwamphamvu pang'ono, pa mitu ya batire pazioneka mavoti a pakati pa 13.5 ndi 14.5. Nambala ikapitirira 15, rekitifaya ili kuphika batire. Ikakhala pansi pa 13, munda suli kubala: mwina makoyilo apsa, mwina rekitifaya yafa, mwina polumikizira mawaya ake pachita dzimbiri. M'njira zonse ziwirizi, batire latsopano limene mungagule lidzafa monga linafera loyamba. Apa ndi pamene ndalama za alimi ambiri zithera.

Kumene kulibe mita, lizani hutala injini itazima, kenaka mulizenso injini ikulira mwamphamvu. Mau akakwera pang'ono, moto uli kulowa. Yendani theka la ora, zimitsani, ndipo yesani sitata. Ikakhala yamphamvu koposa poyamba, munda uli kubala.

Chenjerani ndi asidi. Aboola zovala ndi kutentha khungu. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 ndi kuthamangira ku chipatala. Batire likamatchajidwa litulutsa mpweya umene uphulika, chifukwa chake musasute fodya pafupi, ndipo musaliyese pogundanitsa mawaya kuti muone moto.

KU MUA

Kuchokera pa Golomoti tilowera kumpoto pa M5, ndipo posakhalitsa tipatukira kumanzere, m'tsinde mwa mapiri omwe tatsika aja. Pano pali mishoni ya Mua, imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa m'chaka cha 1902. Pali chipatala, ndiponso pali malo a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa m'chaka cha 1976, kumene asunga zosema ndi mbiri ya miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Khalani pamthunzi pakhomo pa chipatala kanthawi, ndipo muwerenge odwala amene afika pa njinga yamoto kuchokera ku midzi ya kwa Kachindamoto. Pamenepo mudzamvetsa chifukwa chake ndalimbikira nkhani ya mawaya ndi mafyuzi. Njinga imene ikana kulira pakati pa usiku, mayi ali pa nthawi yake, itayitsa zoposa ndalama.

Tsono ndi liti pamene tinganene kuti batire lafadi? Ndi pamene mitu ili yoyera ndi yomangika, fyuzi ali bwino, makoswe mwawachotsa, mita yaonetsa kuti moto ulowa bwino, mwalitchajitsa usiku wonse, koma patapita tsiku limodzi kapena awiri lathanso. Lomwe latupa kapena kung'aluka nalonso latha ntchito. Pamenepo gulani lina, la mavoti ndi nambala ya Ah yofanana ndi lakale, ndipo onani kuti mitu ya (+) ndi (–) ili mbali zomwezo. Litchajidwe lidzale musanaliike pa njinga. Pamene mukufunafuna ndalama, musayende ndi njinga yopanda batire ngakhale ilira ndi kiki, pakuti mababu ndi rekitifaya zingapse.

Lakale musalitaye kudzala kapena m'munda, ndipo musaliswe kuti mutenge mtovu wopangira zolemetsa ukonde kapena mbedza. Mtovu ndi poizoni, uononga ubongo wa ana, ndipo ukalowa m'nthaka suchoka. Liperekeni kwa ogulitsa mabatire kapena kwa ogula zitsulo zakale, ndipo kufikira tsikulo likhale pamalo pamene ana ndi ziweto safika.

Pansi pa chishalo pazikhala mafyuzi awiri, pulagi imodzi yatsopano ndi sipanala yake, sikuludiraiva, tepi yamagetsi ndi babu la kutsogolo. Zonsezi pamodzi mtengo wake sufika pa wa batire limodzi. Inu a m'makalabu a alimi mungathe kusonkherana ndi kugula kamita kamodzi ka gulu lonse, monga muchitira ndi sikelo kapena mpope wopopera mbewu. Akulu anati safunsa anadya phula. Makaniko akanena kuti batire lafa, mufunseni mwaulemu chimene laliphetsa, ndipo akuonetseni pa mita musanatulutse ndalama.

Amene muli ndi mafunso, kaonaneni ndi mlangizi wa dera lanu, kapena lembani kalata ku nyuzipepala ino. Yendani bwino pa mseu, ndipo mukafike kwanu dzuwa lisanalowe.